Mbiri ya denga lathyathyathya ndi anthu olisamala

Makolo athu sanakanganepo za mmene denga liyenera kukhalira. Mvula ya kuno imagwa yamphamvu kwa miyezi inayi kapena isanu, udzu unali paliponse, ndipo mwana aliyense wa m'mudzi ankakula akudziwa kuti phaso liyenera kutsetsereka kuti madzi asapeze pokhala. Denga lathyathyathya, limene lero lafunda masitolo akuluakulu, mafakitale, zipatala ndi nyumba zosungiramo katundu m'mizinda ya dziko lonse, linabadwira kwina, kumaiko ouma kumene mitengo italiitali imasowa, dothi lili mbwee, ndipo mvula imabwera mwa apo ndi apo. Kuchoka kumeneko linayenda ulendo wautali mpaka kukafika kumaiko a mvula ndi chisanu, kumene poyamba silikanapirira ngakhale chaka chimodzi.

Ku Turkey, m'chigwa cha Konya, kuli bwinja la Çatalhöyük, mudzi umene munkakhala anthu zaka pafupifupi 9,000 zapitazo. Nyumba zake za njerwa zosaotcha zinali zogundizana, popanda njira pakati pake, popandanso zitseko za m'mbali. Munthu ankayenda pamwamba pa nyumba za anzake, n'kutsika ndi makwerero kudzera pabowo la padenga, bowo lomwelo limene utsi unkatulukira. Bwalo, msewu ndi khomo zonse zinali padenga. Kamangidwe kake sikanasinthe kwenikweni kwa zaka masauzande otsatira: mitanda yopingasa, pamwamba pake bango kapena tinthambi, kenako dothi lamakande lotsindira bwino.

Anthu a ku Mesopotamia anali ndi mwayi wina. Pafupi ndi tauni ya Hit, m'mbali mwa mtsinje wa Euphrates m'dziko limene lero ndi Iraq, phula limatumphuka lokha pansi, ndipo mpaka pano likutumphukabe. Herodotus analemba kuti phula lomangira malinga a Babylon linkachokera kumeneko. Ankamatira mabwato, ngalande ndi malo osambira, ndipo ku Mohenjo-daro, m'chigwa cha Indus, dziwe lalikulu losambiramo linatsekedwa ndi phula kuti lisatayitse madzi. Komabe phula linali lolemera kunyamula, ndipo munthu wamba wokhala kutali ndi akasupe ake ankadalira dothi ndi manja ake.

Owerenga Baibulo denga limeneli amalidziwa. Pamwamba pake mayi wa ku Jericho anayanikapo fulakesi n'kubisamo azondi, lamulo la Mose linkafuna kuti womanga nyumba aikepo kampanda kuti munthu asagwe, ndipo ku Capernaum anthu anasasula denga kuti atsitse mnzawo wodwala. Chimene nkhanizo sizitchula ndi ntchito imene inkachitika mvula ikangogwa. M'midzi ya ku Lebanon, Syria, Palestine, Cyprus ndi kum'mawa kwa Turkey, mpaka m'nthawi ya agogo a anthu amene alipo lero, padenga pankakhala mwala wosema wonga mtondo wogoneka. Mvula yoyamba ikafewetsa dothi, bambo kapena mnyamata wa pakhomopo ankakwera, n'kukoleka chogwirira m'mabowo a kumapeto kwa mwalawo, n'kuyamba kuukoka uku ndi uku. Ming'alu imene dzuwa linasiya inkatsekeka pansi pa kulemera kwa mwala. Pamene pafewa kwambiri ankawazapo mankhusu n'kudutsitsaponso mwalawo. Udzu ukamera ankauzula, poti mizu imatsegulira madzi njira. Chipale chofewa chikagwa usiku, m'mawa ankachikankhira pansi chisanasungunuke. Chaka chilichonse mvula isanayambe ankawonjezera dothi latsopano. Palibe amene ankaganiza kuti denga amamanga kamodzi n'kuliiwala. Linali ntchito ya pakhomo, ndipo nyumba imene eni ake asamuka inkagwa m'zaka zochepa chabe, kuyambira kudenga.

Nzeru imeneyi inapezeka m'malo ambiri ouma, kwina yochita kubwera ndi amalonda, kwina yotulukira okha. Anthu a Pueblo ku New Mexico ankatulutsa madzi ndi timigula todutsa m'kampanda. M'katikati mwa Tanzania Agogo ndi Anyamwezi ankamanga nyumba za tembe zofolera ndi dothi, ndipo m'nyumba yotero ku Kwihara, pafupi ndi Tabora, ndi mmene David Livingstone anakhalamo mu 1872. Kugombe, ku Lamu ndi ku Zanzibar, amisiri a Chiswahili ankayala mitengo ya boriti yodulidwa m'madambo a madzi amchere, pamwamba pake miyala ya m'nyanja ndi laimu. Mitengoyo siitalika, n'chifukwa chake zipinda za nyumba zakale za kumeneko n'zazitali koma zopapatiza, mamita atatu kapena kuchepera. Pachisumbu cha Mozambique, pamene madzi abwino ndi osowa, denga linkagwira ntchito ziwiri: kuteteza nyumba ndi kukolola mvula yopita m'zitsime zomangidwa pansi. Koma kugombe mvula si ya masewera. Laimu akang'ambika osamatidwa, madzi amafika kumapeto kwa mitengo kobisika m'khoma, kumaola popanda woona, ndipo tsiku lina denga lonse limagwera m'kati. Eni nyumba ambiri ku Stone Town anatopa nazo n'kukhoma malata otsetsereka pamwamba pa madenga akalewo.

Kumpoto kwa Ulaya denga lathyathyathya ladothi silikanatheka n'komwe. Matchalitchi ndi nyumba za mafumu zinkafoleredwa ndi mtovu pamalo athyathyathya, koma mtovu ndi wolemera, wodula, ndipo mbava zimaukonda. Zinthu zinayamba kusintha cha m'ma 1712, pamene dokotala wina wa Chigiriki, Eirini d'Eyrinys, anazindikira miyala yodzaza phula ku Val de Travers, ku Switzerland. Miyala ina yotero inkakumbidwa ku Seyssel, ku France, ndipo mu 1837 Richard Tappin Claridge analembetsa ku Britain njira yogwiritsira ntchito phulalo. Ankalisungunula, kulithira lotentha n'kulisalaza ndi thabwa, kawiri, mpaka likhuthale pafupifupi masentimita awiri. Mpaka lero ku London kuli amisiri ogwada ndi thabwa lomwelo.

Njira yotchipa inachokera ku Hirschberg, tauni imene tsopano ndi Jelenia Góra ku Poland. Mu 1839 wamalonda wina, Carl Samuel Häusler, anayala mapepala angapo pamwamba pa matabwa, lililonse lomatidwa ku linzake ndi phula, n'kuthira mchenga ndi miyala ing'onoing'ono pamwamba. Nthawi imeneyo mizinda inkapsa kawirikawiri, Hamburg inapsa koopsa mu 1842, ndipo denga limene nthethe za moto zikagwerapo zimangozima linali lamtengo wapatali. Linafala pa nyumba za lendi za ku Berlin ndi pa mafakitale. Mphepo ndi mbalame zinabweretsa njere, pamchengapo panamera udzu, ndipo ena mwa madengawo anapirira nkhondo ziwiri zikuluzikulu akadali osadontha. Mchenga ndi udzuwo ndi zimene zinabisa phula kudzuwa, mdani wake wamkulu.

Ku America nkhaniyi inayambira pa zinyalala. Mizinda itayamba kuyatsa nyali za gasi wopangidwa ndi malasha, makampani a gasi ankatsala ndi phula lakuda lonunkha limene ankasowa kolitaya. M'zaka za m'ma 1840, ku Cincinnati, pachibale Samuel ndi Cyrus Warren anayamba kulitenga n'kumanyikamo mapepala okhuthala ofolerera. Samuel Barrett anayamba ntchito yomweyo ku Chicago mu 1854, ndipo mu 1906 kampani ya dzina lake inalemba ndondomeko ya mmene denga lotero liyenera kumangidwira: mapepala angati, phula lochuluka bwanji pakati pake, miyala yochuluka bwanji pamwamba.

Ntchito yake inali yowawa. Pansi pa nyumba pankakhala chiketulo chachikulu chofuka utsi wachikasu, munthu mmodzi akuswa zibuma za phula ndi nkhwangwa n'kumaponyamo. Ndowa zinkakwera ndi chingwe. Pamwamba wina ankaviika mopu wamkulu n'kupaka, mnzake akugubuduza mpukutu wa pepala kumbuyo kwake phula lisanazizire, wachitatu akulisesa kuti pasatsale mpweya. Akamaliza mizere inayi kapena isanu ankathira phula lambiri n'kuwazamo miyala likadali lotentha. Utsiwo unkawotcha khungu ndi maso, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti umayambitsa khansa. Koma denga lake linali ndi khalidwe limodzi labwino: dzuwa likatentha phula la malasha limafewa pang'ono n'kuyenderera, timing'alu n'kutsekeka tokha. Kampani ya Barrett ija inafika polonjeza zaka 20, ndipo inkatumiza oyendera amene ankadula kachidutswa ka denga latsopano kuti awerenge mizere yake. Lonjezolo linakweza luso la ntchito. Linabweretsanso chinthu china chimene ine ndimachiona kuti ndicho chiyambi cha mavuto ambiri a m'tsogolo: mwini nyumba atagwira chikalata m'manja anayamba kuganiza kuti alibenso chifukwa chokwerera padenga.

Kenako kunabwera konkire yokhala ndi zitsulo m'kati. François Hennebique analembetsa njira yake mu 1892, ndipo Albert Kahn anamanga ndi konkire yotere mafakitale a galimoto ku Detroit, kuphatikizapo ya Ford ku Highland Park imene inatsegulidwa mu 1910. Ku Turin kampani ya Fiat inamanga msewu woyeserapo galimoto padenga pa fakitale yake ya Lingotto, yotsegulidwa mu 1923. Chifukwa chimene amalonda anakondera denga limeneli si chovuta kuchimvetsa. Nyumba yotambalala mamita 100 mutaifolera motsetsereka ngati ya udzu, msonga wake ungakwere mamita 50 pamwamba pa makoma, malo onsewo opanda ntchito koma ofuna zitsulo ndi ndalama. Denga lathyathyathya limalola nyumba kukula mbali iliyonse imene bizinesi yafuna.

Litafika pa nyumba zogona anthu, mkangano unabuka. Mu 1927 ku Stuttgart kunamangidwa mudzi wachionetsero wa Weissenhof motsogoleredwa ndi Mies van der Rohe, nyumba zonse zathyathyathya pamwamba, ndipo Le Corbusier ankaphunzitsa kuti denga liyenera kukhala dimba lobweza malo amene nyumba yalanda pansi. Odana nazo anajambula mudziwo ngati wa Aluya, ngamila zikuyenda m'misewu yake. Chaka chotsatira ku Zehlendorf, m'mphepete mwa Berlin, mbali ina ya msewu kunali nyumba za Bruno Taut zathyathyathya, mbali inayo kunamangidwa dala za madenga osongoka, ndipo anthu anaitcha nkhondo ya madenga. Chipani cha Nazi chinati denga lotero si la Chijeremani. Zambiri mwa zonenazo zinali tsankho, koma mfundo imodzi inali yoona: madenga ambiri atsopanowo ankadontha. Villa Savoye, nyumba yotchuka ya Le Corbusier ku Poissy yomalizidwa mu 1931, inkalowa madzi mwakuti mayi Eugénie Savoye analemba makalata obwerezabwereza odandaula za mvula yogwera m'zipinda. Akatswiri a mapulani anali atakonda maonekedwe a denga la kuchipululu asanaphunzire zimene limafuna kudziko la mvula.

Nkhondo yachiwiri itatha, mkanganowo unathetsedwa ndi ndalama. Makina oziziritsa mpweya ndi mababu ataliatali zinachititsa kuti nyumba isafunenso mawindo, ndipo inatha kutambalala mahekitala. Southdale Center, msika woyamba wamakono wotsekedwa pansi pa denga limodzi, unatsegulidwa ku Minnesota mu 1956. M'malo mwa konkire yolemera anayamba kuyala malata okhuthala pamwamba pa mitanda yachitsulo yopepuka. Chitsulo chimalowetsa kutentha ndi kuzizira mofulumira, choncho panafunika chotchinga. Poyamba ankagwiritsa ntchito khungwa la mtengo wa cork ndi mabolodi opangidwa ndi ulusi wa mitengo kapena zotsalira za nzimbe. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 kunabwera ubweya wa galasi, m'ma 1940 kampani ya Dow inatulutsa Styrofoam, ndipo m'ma 1970 mabolodi a polyisocyanurate anayamba kufala.

Pa 12 August 1953, ku Livonia, Michigan, nthethe ya moto wa owotcherera zitsulo inagwera m'mafuta m'fakitale ya General Motors yopanga magiya. Moto unali waung'ono poyamba, koma unatenthetsa malata a denga. Phula limene linamatira chotchinga pamwamba pa malatawo linasungunuka, mpweya wake woyaka unalowa m'malumikiziro, ndipo moto unathamanga kunsi kwa denga ukudzidyetsa wokha, phula loyaka likudonthera pansi patsogolo pa ozimitsa. Fakitale ya mahekitala pafupifupi 14 inatheratu ndipo anthu asanu ndi mmodzi anafa. Kuchokera pamenepo a inshuwalansi a Factory Mutual ndi a Underwriters Laboratories anayamba kuyesa denga lonse pamodzi, malata, zomatira, chotchinga ndi chofunda chake, osati chilichonse pachokha.

Chotchinga kutentha chinabweretsanso mavuto amene palibe anawayembekezera. Kale phula linkagona pa konkire kapena pa matabwa, zimene zinkamwa kutentha kwake masana n'kulifunditsa usiku. Litagonekedwa pa chotchinga linatsala lokha ndi thambo: masana limapsa, usiku limazizira kwambiri, limafutukuka ndi kukhwinyata tsiku ndi tsiku mpaka kung'ambika. Chinyezi chikatsekeredwa pakati pa mapepala, dzuwa limachisandutsa nthunzi, ndipo padenga pamatuluka matuza amene amaphulika munthu akapondapo. Madzi ena sankachokera kumwamba n'komwe. Mpweya wofunda wa m'nyumba umanyamula nthunzi ya m'khitchini, ya mochapira, ngakhale ya kupuma kwa anthu, ndipo ukakhudza kunsi kwa denga lozizira nthunziyo imasanduka madontho. Ku Britain masukulu ndi maofesi ambiri a m'ma 1960 ndi 1970 anali ndi chotchinga pamwamba pa siling'i, matabwa a denga atasiyidwa kozizira, ndipo anaola kuchokera m'kati. Ndi nthawi imeneyo pamene denga lathyathyathya linaipitsa mbiri yake kumeneko. Amisiri anaphunzira pang'onopang'ono kuika zinthu mu dongosolo lake: pansi chotchinga nthunzi, pakati chotchinga kutentha, pamwamba chofunda chosalowa madzi. Ena anatembenuza dongosololi, chofunda n'kuchiika pansi, pamwamba pake mabolodi osamwa madzi opsinjidwa ndi miyala, kuti dzuwa ndi mapazi zisachifikire. Kumaiko otentha, kumene m'nyumba mumazizira ndi makina pamene kunja kuli chinyezi, nthunzi imayenda kuchokera kunja kulowa m'kati, ndipo wongokopera pulani ya ku Ulaya amatsekera madzi mbali yolakwika.

Phunziro lina linali la kutsetsereka. Phula la malasha silinkaopa madzi odikha, mwakuti ena ankamanga denga lopanda kupendeka konse, ena n'kumasungapo madzi dala kuti aziziritse nyumba. Phula lochokera ku mafuta a galimoto, limene linalowa m'malo mwake, silipirira zithaphwi chimodzimodzi. Lero malamulo a ku America amafuna kupendeka kwa pafupifupi masentimita awiri pa mita iliyonse. Ku Britain amati denga lomalizidwa litsike gawo limodzi pa magawo 80, ndipo polemba pulani amawirikiza kawiri podziwa kuti mitanda idzapindika ndipo amisiri adzaphonya pena. Madzi akakhalabe padenga maola 48 mvula itakata, amisiri amati denga limenelo lili ndi vuto.

Mu 1973 mafuta anakwera mtengo padziko lonse. Phula linadula, ubwino wake unayamba kusinthasintha, ndipo mtengo wa magetsi unakakamiza eni nyumba kukhuthalitsa chotchinga, zimene zinawonjezera kung'ambika. Apa ndi pamene zofunda za mzere umodzi zinapeza msika. Ku Switzerland ndi ku Germany anali atayamba kale m'ma 1960 kupanga zinsalu za PVC zolumikiza ndi mpweya wotentha. Ku Italy anasakaniza phula ndi pulasitiki, ku France analisakaniza ndi labala, n'kupanga mipukutu imene ambiri amaimata ndi moto wa gasi. Ku America kunafala labala wakuda wa EPDM, amene nthawi zambiri ankangomuyala n'kumupsinja ndi miyala ya kumtsinje yolemera makilogalamu pafupifupi 50 pa sikweya mita. M'ma 1990 kunabwera TPO yoyera, imene tsopano yafunda nyumba zambiri zamalonda kumeneko.

Chilichonse mwa izi chinabwera ndi lonjezo lakuti mavuto atha, ndipo chilichonse chinali ndi nthenda yake ya ubwana. PVC ina yoyambirira yopanda ulusi m'kati inkauma n'kusweka ngati galasi m'nyengo yozizira. Guluu wa m'malumikiziro a EPDM ankamatuka mpaka anasinthidwa ndi tepi. Mabolodi ena a m'ma 1980 akanyowa ankatulutsa asidi wodya malata a pansi pake. Mphepo nayo inaphunzitsa zake: mu 1983 namondwe wa Alicia ananyamula miyala ya pamadenga ku Houston n'kuswa nayo magalasi a nyumba zazitali, ndipo Andrew mu 1992 anaonetsa kuti denga limayamba kusendeka m'makona ndi m'mphepete, kumene mphepo imayamwa mwamphamvu. N'chifukwa chake masiku ano zomangira zimachuluka m'malo amenewo kuposa pakati.

Choopsa kwambiri komabe ndi kulemera. Madzi akuya sentimita imodzi amalemera makilogalamu 10 pa sikweya mita. Padenga la hekitala imodzi, madzi a masentimita 10 ndi matani 1,000. Ndipo madzi saiwala khwawa: pamene denga lapindika pang'ono ndi pamene amathamangira, kulemera kwake kumawonjezera kupindikako, n'kuitana madzi ena. Pa 4 June 1979 mvula yamphamvu ndi mphepo zinagwetsa denga la Kemper Arena ku Kansas City, nyumba ya zaka zisanu zokha imene inali italandira mphoto ya bungwe la akatswiri a mapulani. Dengalo linakonzedwa kuti lizitulutsa madzi pang'onopang'ono pofuna kupeputsa ngalande za mzinda, mipope yake inali yochepa, ndipo mabawuti onyamula denga anali atafooka kale. Mwamwayi munalibe khamu la anthu. Ku Katowice, ku Poland, pa 28 January 2006, mwayi wotero sunalipo: denga la holo ya zionetsero lolemedwa ndi chipale chofewa linagwera anthu oonerera nkhunda, ndipo 65 anafa. Ku Britain vuto linabisala m'konkire yopepuka ya RAAC imene inayalidwa pa masukulu ndi zipatala kuyambira m'ma 1950. Chofunda chikadontha, madzi amalowa m'timabowo ta konkireyo, zitsulo n'kuchita dzimbiri, ndipo okonza amene ankangowonjezera phula pamwamba pa lakale ankawonjezeranso katundu. Mu 2018 denga linagwa pa sukulu ya pulayimale ya Singlewell ku Kent, ndipo mu August 2023 boma linalamula masukulu oposa 100 kutseka nyumba zina masiku ochepa teremu isanayambe.

Kuvuta kwa denga lamakono n'kwakuti limabisa matenda ake. Madzi angalowe pakona imodzi, kuyenda m'makwinya a malata mamita ambiri, n'kukadontha pamwamba pa kauntala kutali ndi bowo. Chotchinga chonyowa sichitchinganso kanthu, bilu ya magetsi imangokwera. M'ma 1970 ofufuza a asilikali a ku America, mmodzi mwa iwo Wayne Tobiasson, anakhwimitsa njira yozipezera. Dzuwa likalowa, munthu amakwera ndi kamera yoona kutentha. Malo ouma amazizira msanga, koma malo onyowa amasunga kutentha kwa masana, ndipo pakamera amawala, m'mbali mwake muli mowongoka motsatira mabolodi. Mnzake amazunguliza penti pamalopo. M'mawa amadula kachidutswa kuti atsimikize, ndipo nthawi zina akafinya bolodi m'manja madzi amachucha. Akatero amasintha gawo lodwalalo lokha m'malo mosasula denga lonse. Amene agwira ntchitoyi kwa zaka amanena chimodzimodzi: pakati pa denga sipadontha kawirikawiri. Madzi amalowera pamene denga lakumana ndi khoma, pozungulira mapaipi, pamipope, ndi pamene wokonza makina oziziritsa mpweya anagwetsa sikuluwu n'kuipondera. Makampani ambiri tsopano amalemba m'chikalata cha lonjezo kuti denga liziyenderedwa kawiri pachaka ndiponso pambuyo pa mkuntho uliwonse, ndipo popanda umboni wolembedwa lonjezolo likhoza kufa. Zatenga zaka zana kuti chikalata chivomereze zimene mnyamata wokoka mwala ku Lebanon ankadziwa.

M'zaka zaposachedwa denga lapatsidwa ntchito zatsopano. Lakuda limatha kutentha kufika madigiri 80 masana, pamene loyera limatsika ndi madigiri makumi angapo. Art Rosenfeld ndi Hashem Akbari a ku Lawrence Berkeley National Laboratory analimbikira mfundo imeneyi mpaka California inaika m'malamulo ake mu 2005 kuti madenga athyathyathya a nyumba zamalonda akhale obweza dzuwa. Ku Ahmedabad, ku India, akupaka laimu ndi penti yoyera pamadenga a anthu osauka pofuna kuchepetsa imfa za nyengo yotentha. Udzu umene unamera wokha pamadenga a ku Berlin unasanduka luso: Germany inalemba malangizo ake a madenga obzalapo zomera mu 1982, holo ya mzinda wa Chicago inabzala dimba lake mu 2001, Ford inafunda mahekitala anayi a fakitale yake ku Dearborn mu 2003, ndipo Toronto inakhazikitsa lamulo mu 2009. Pamwamba pa zonsezi pabwera masola. Izi n'zabwino ndithu, koma dothi ndi masola zimalemera, zimabisa chofunda kwa woyendera, ndipo zimachulukitsa mapazi oponda padenga. Kuika masola a zaka 25 pa chofunda chimene chatsala ndi zaka zisanu n'kulipira kawiri.

Kwathu kuno denga limeneli lafika m'njira ziwiri. Ina ndi silabu ya konkire ya pa maofesi, mahotela ndi mabanki a ku Blantyre, Lilongwe ndi Lusaka, yomatidwa ndi mipukutu ya phula yowotcha ndi gasi n'kupakidwa penti yasiliva. Inayo ndi fasho yatsopano yobisa malata opendeka pang'ono kuseri kwa kampanda, madzi onse n'kumadalira ngalande imodzi ya m'kati mwa khoma. Zonse ziwiri zimakumana ndi nyengo yovuta kuposa ya kumene zinachokera: miyezi yambiri ya dzuwa loumitsa phula ndi fumbi lodzaza m'mipope, kenako mvula yogwa ngati yotayira. Konkire payokha siitchinga madzi, penti yasiliva imatha pakapita zaka zochepa ndipo imafuna kubwerezedwa, ndipo thanki, dishi ndi sola zimene zakwezedwa pambuyo pake nthawi zambiri zimakhomedwa moboola chofunda. Nthawi yokwera ndi tsache ndi October, chizimalupsa chisanagwe, pamene masamba, majumbo ndi zisa za mbalame zaunjikana pakamwa pa mpope.

Malamulo a zomangamanga a maiko ambiri tsopano amafunanso njira yachiwiri yotulukira madzi, imene pa nyumba zambiri za m'matauni athu simuipeza. Ndi bowo loboola kampanda, masentimita pafupifupi asanu pamwamba pa malo otsikitsitsa a denga, losalumikizidwa ku paipi iliyonse yobisika, loikidwa dala mbali imene anthu amadutsa. Masiku onse limakhala louma. Likayamba kulavula madzi pafupi ndi khomo la sitolo, mlonda ndi mwini wake amadziwa tsiku lomwelo kuti mpope waukulu watsekeka, madzi asanakwere kufika pa kulemera kumene mitanda singathe kusenza.